Kodi kamakina ka magetsi kangadzutse dzanja logwa?

Funso: Mchimwene wanga amapanga kabaza wa njinga yamoto. Anagwa n'kuthyoka mkono pakati pa phewa ndi chigongono, ndipo kuchipatala anamuika chikhakha. Fupa akuti likugwirana bwino, koma papita masabata 10 dzanja likungolendewera. Satha kulidzutsa, zala satha kuziwongola, ndipo kuseri kwa chala chachikulu kuli dzanzi. Msuweni wathu amene ali ku Johannesburg akuti atumiza kamakina ka mabatire komata pakhungu, akuti magetsi ake amadzutsa mitsempha yakufa. Inenso ndinaona pa Facebook kuti madokotala akunja akuchiritsa mitsempha ndi magetsi. Kodi zimenezi n'zoona? Timuuze atumize, kapena kungotaya ndalama? — Mayi wa ku Lunzu

Yankho: Zikomo mayi, ndipo pepani ndi ngoziyo. Zimene munaona pa Facebook si bodza lonse ayi. Alipodi madokotala amene akugwiritsa ntchito magetsi kuti mtsempha wovulala uphuke msanga, ndipo umboni wake ukukula. Koma magetsi awowo ndi kamakina ka msuweni wanu n'zosiyana kutalitali. Madokotalawo amapereka magetsi kamodzi kokha, kwa ola limodzi, pamtsempha penipeni, tsiku la opaleshoni. Kamakina komata pakhungu ntchito yake n'kuchepetsa ululu. Ngati cholinga n'chakuti dzanja lidzuke, auzeni asunge ndalamazo. Komabe chimene chimandidetsa nkhawa ine si ndalama kwenikweni. Ndi miyezi imene imatha munthu ali khale pakhomo, akumata kamakina m'mawa ndi madzulo, osabwereranso kuchipatala, chikhalirecho mtsempha uli ndi nthawi yake imene ikadutsa siibwerera.

Tiyambe ndi chimene chavulala. Ndikamati mtsempha pano sindikunena wamagazi, ndikunena uja wonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo kupita ku minofu, ndi kuchokera pakhungu kubwerera ku ubongo. M'mkono muli itatu ikuluikulu, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozeramu, umene wavuta kwa achimwene anuwo ndi umene madokotala amautchula kuti radial. Umazungulira kumbuyo kwa fupa la kumtunda kwa mkono utagona pafupa penipenipo, moti fupalo likathyokera pakati, iwo umakokeka, kufinyika kapena kupanidwa. Kafukufuku wa mu 2005 amene anasonkhanitsa malipoti a odwala ochuluka anapeza kuti pa anthu 100 othyoka fupa limeneli, pafupifupi 12 dzanja limagwa chonchi. Mtsemphawu ndi umene umadzutsa dzanja, kuwongola zala pamene zimayambira ndi kutambasula chala chachikulu. Kufumbata kumayendetsedwa ndi iwiri inayo, n'chifukwa chake mukawapatsa kapu amaigwira ndithu, kungoti mofooka.

Mkati mwa mtsempha umodzi muli timaulusi masauzande, kalikonse m'kachubu kake. Kaulusi kalikonse ndi mchira wautali wa selo limodzi, kanthu kakang'ono kamoyo mwa timene timapanga thupi, ndipo selolo lili kutali, mumsana cha m'khosimu. Taganizani dzungu loyanga m'munda. Khasu likalidula pakati, mbali ya kutsogolo imafota yonse poti yasiyana ndi mizu, koma mbali ya kumizu imaphukanso n'kuyamba kuyanga. Kaulusi kakaduka kamachita chimodzimodzi. Mbali yolowera kuzala imafa m'masiku ochepa, thupi n'kuisesa, kutsala timachubu topanda kanthu. Zimenezi anayamba kuzifotokoza ndi Augustus Waller ku England mu 1850, atadula mitsempha ya malilime a achule n'kumaona zochitika. Mbali ya kumsana ndi imene imatulutsa mphukira, ndipo mphukirayo imayenera kulowa m'kachubu n'kuyenda mpaka kukafika kumnofu. Liwiro lake ndi pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndiye kuti masentimita atatu pamwezi zinthu zikakhala bwino. Mnofu umene ukudikira kumapetoko suudikira mpaka kalekale. Umafota pang'onopang'ono, ndipo pakatha miyezi 12 mpaka 18 usakulandira mauthenga, malo ake olandirira amawonongeka, moti ngakhale mphukira itafika pambuyo pake imapeza mnofu sungayankhenso.

Sikuti mtsempha uliwonse wovulala waduka. Dokotala wina wa mafupa wa ku Britain, Herbert Seddon, anagawa kuvulalaku patatu mu 1943, ndipo mpaka lero tikugwiritsabe ntchito kagawidwe kake. Pali pamene mtsempha wangofinyika, timaulusi tili tonse koma mauthenga sakudutsa. Pamenepo umadzuka wokha m'masabata angapo, kawirikawiri miyezi itatu isanathe. Pali pamene timaulusi taduka koma chikopa cha mtsempha chili chonse, ndipo mphukira zimatsata njira yawo yakale pa liwiro lija. Ndiye pali pamene mtsempha wonse waduka pakati ngati chingwe, kapena wapanidwa pakati pa zidutswa za fupa. Apa palibe mankhwala, zitsamba, mafizo kapena magetsi amene angaulumikize, pokhapokha dokotala atsegule n'kusoka. Chovuta n'chakuti masabata oyambirira zonse zitatuzi zimaoneka mofanana: dzanja lendee, dzanzi pamalo omwewo.

Nkhani yabwino kwa achimwene anuwo ndi iyi. Fupa likathyokera mkati popanda bala lotseguka, anthu 7 mwa 10 alionse mtsempha umachira wokha popanda opaleshoni, ndipo tikaphatikiza amene anathandizidwa ndi opaleshoni, ochira amayandikira 9 mwa 10. Tiwerengenso limodzi. Kuchokera pakati pa fupa kufika pa mnofu woyamba umene mtsemphawu umadyetsa, cha pachigongono, pali masentimita 10 kapena 12. Pa milimita imodzi patsiku ndi masiku 100 mpaka 120, kuwonjezerapo masabata angapo oyambirira amene mphukira zimakhala zisananyamuke. Ndiye masabata 10 sikuchedwa. Kuchedwa kumayamba pamene miyezi inayi yakwana popanda chizindikiro chilichonse.

Tsopano magetsi. Akatswiri anayamba kalekale kuyesa pa nyama, koma ntchito imene inatsegula maso ambiri inatuluka m'chaka cha 2000 kuchokera ku University of Alberta, mumzinda wa Edmonton ku Canada. Tessa Gordon ndi anzake, mogwirizana ndi Thomas Brushart wa ku Johns Hopkins ku America, ankadula mtsempha wa pantchafu ya khoswe n'kuusoka, kenako n'kumawerenga maselo amene mphukira zawo zawoloka posokapo n'kuyenda mamilimita 25. Pa liwiro la mitsempha ya khoswe, ulendo umenewo unayenera kutha m'masiku ochepa. Koma anapeza kuti pankatha masabata 8 mpaka 10 kuti maselo onse afike. Chifukwa chake n'chakuti mphukira siziwoloka nthawi imodzi. Zimazengereza pachilonda paja, zina kusochera, zina kubwerera, n'kumawoloka mwa apo ndi apo. Nthawi yambiri imatayika pamalo ovulalapo, osati panjira.

Atatero anaika timawaya pamtsemphawo, kumtunda kwa posoka, n'kupereka magetsi ochepa ogunda maulendo 20 pa sekondi. Maselo onse anafika m'masabata atatu. Chodabwitsa china, ola limodzi linachita zofanana ndi kupereka magetsiwo mosalekeza kwa masabata awiri. Ndipo ataika poizoni wina wotseka mauthenga pakati pa timawayato ndi msana, phindu lonse linatha. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Magetsi sagwira ntchito pachilonda, komanso sakoka mphukira. Amatumiza uthenga chobwerera kumsana, kumene kuli selo lenileni, ndipo selolo limayamba kupanga msanga zomangira ndi mapuloteni okulitsa mitsempha, monga ina yotchedwa BDNF. Mu 2002 Brushart ndi anzake anaonetsanso kuti mphukira zikawoloka siziyenda mofulumira kuposa kale, liwiro ndi lomwe lija. Chimene magetsi amapereka ndi kunyamuka msanga komanso kunyamukira limodzi. Kwa munthu amene mnofu wake uli pa mpikisano ndi nthawi, masabata angapo amenewo si ochepa.

Pa anthu anayamba kuyesa ndi amene mtsempha wawo wafinyika kwa nthawi yaitali pamfundo ya dzanja, vuto lija limachititsa dzanzi zala usiku ndi kufotetsa mnofu wa patsinde pa chala chachikulu. Zotsatira zinatuluka mu 2010, pa odwala 21. Dokotala akamasula mtsempha ankasiya timawaya tiwiri topyapyala titagona pambali pake, n'kutseka bala timawayato titatulukira kunja. Wodwala ankalandira magetsi kwa ola limodzi, kenako timawayato n'kusololedwa. Amene analandira magetsi, minofu yawo inali italumikizananso ndi mtsempha pofika miyezi 6 mpaka 8, pamene amene sanalandire magetsi chaka chinatha zisanasinthe kwenikweni. Mu 2015 gulu la ku Edmonton komweko linayesa pa anthu oposa 30 amene mitsempha ya zala zawo inadukiratu n'kusokedwa, ndipo amene analandira magetsi anayamba kumva bwino pazala pofika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuposa anzawo. Mu 2018 anayesa pa odwala khansa 54 ochitidwa opaleshoni ya m'khosi, imene kawirikawiri imavulaza mtsempha wa paphewa. Mu 2020 anatulutsa za odwala 31 ofinyika mtsempha pachigongono, amene anawatsatira kwa zaka zitatu, ndipo a magetsi anali ndi mphamvu zogwirira zoposa enawo.

Ine zotsatira zimenezi ndimazilemekeza, koma taonani manambalawo: 21, 31, 54. Ndi anthu ochepa, ndipo ambiri ndi a mumzinda umodzi, ochitidwa opaleshoni ndi madokotala odziwana. Kusiyana kwina kunaonekera kwambiri pa makina oyezera kusiyana ndi pa zimene wodwala amatha kuchita ndi dzanja lake. N'chifukwa chake njirayi sinakhalebe ya masiku onse ngakhale m'zipatala zambiri za ku Ulaya ndi ku America. Ola lathunthu m'chipinda cha opaleshoni n'lodula, ndiye ofufuza ena akuyesa ngati mphindi 10 zingakwane, ndipo pa makoswe zaoneka kuti zingatheke. Mu 2018 akatswiri a ku Northwestern University ndi Washington University ku St. Louis anaonetsa kachipangizo kopyapyala kokulunga pamtsempha, kolandira mphamvu popanda waya, kamene kamasungunuka kokha m'thupi ntchito ikatha. Nakonso kanayesedwa pa makoswe. Zithunzi za zinthu ngati zimenezi ndi zimene zimayenda pa intaneti, wogulitsa n'kuziika pambali pa katundu wake ngati n'chimodzi.

Palinso phunziro lina lochokera ku makoswe omwewo limene ogulitsa satchula. Pa mitsempha yomvera, ola limodzi linathandiza, koma atatalikitsa kufika maola atatu kapena kuposa, phindulo linazimiririka. Maganizo akuti ukachulukitsa magetsi uchira msanga alibe maziko.

Nanga kamakina ka msuweni wanu? Mwa mafotokozedwe anu, ndi kamene timakatchula kuti TENS, kapena kena kofanana nako kogwedeza minofu. TENS ili ndi ntchito yake yeniyeni, ndipo ku mafizo timaigwiritsa ntchito. Maziko ake ndi zimene Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza mu 1965, kuti mauthenga a kukhudzidwa akachuluka amatsekereza mauthenga a ululu mumsana asanafike ku ubongo. N'chifukwa chake munthu akadzigunda amasisita pamalopo. Kwa ena amene akumva kuotcha kapena kubaya chifukwa cha mtsempha, TENS imapepuza kwa kanthawi, kwa ena siichita kanthu. Koma palibe umboni wodalirika pa anthu woti kumata TENS pakhungu kumaphukitsa mtsempha woduka. Mtsempha wa achimwene anuwo uli mkati, kuseri kwa minofu, pafupa, ndipo anthu amamata kamakinako kumunsi, pamene pafookapo, kumene, ngati timaulusi tinaduka, tinafa kale ndipo palibe chonyamula uthenga kupita kumsana.

Ndikuuzeni zimene mungaone mutayesa. Wogulitsa amayamba kuonetsa pa mkono wabwino, amamata, akweza mphamvu, dzanja n'kudumpha, aliyense n'kugoma. Dzanjalo ladumpha chifukwa mtsempha wake uli moyo, magetsi agunda mtsempha, mtsempha n'kulamula mnofu. Mukamata pa mkono wovulalawo, kuseri kwake kumene kuli minofu yodzutsa dzanja, ngati timaulusi tinaduka sipachitika kanthu. Mukakweza kwambiri, magetsi amadutsa n'kukapeza minofu ya kutsogolo imene mitsempha yake ili bwino, zala n'kupindikira m'chikhatho. Apo banja limasangalala kuti dzanja layamba kuyenda, chonsecho yagwedezeka ndi minofu imene sinadwale n'komwe, ndipo ikukokera dzanja kumene lagwera kale. Mnofu wopanda mtsempha umafuna kugunda kwa magetsi kotalika maulendo mazanamazana kuposa kwa TENS kuti ugwedezeke, ndipo zimenezi zimafuna makina ena apadera.

Makina apaderawo alipo, ndipo akatswiri akhala akutsutsana za iwo kwa zaka zambiri. Cholinga chake si kuphukitsa mtsempha koma kuchedwetsa kufota kwa mnofu podikira. Ku Vienna anaonetsa kuti minofu ya pantchafu imene inatayiratu mitsempha ikhoza kukulanso ikamagwedezedwa ndi magetsi amphamvu pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka. Koma kukula kwa mnofu sikutanthauza kuti munthu ayamba kuulamulira. Pa nyama, kafukufuku wina anapeza kuti zimathandiza, wina anapeza kuti zimachedwetsa kulumikizana kwa mnofu ndi mtsempha. Pa matenda a kupotoka pakamwa mwadzidzidzi chifukwa cha mtsempha wa kumaso, amene anaunika kafukufuku yense sanapeze umboni wamphamvu woti magetsi amathandiza. Ndiye wa mafizo akaganiza zogwiritsa ntchito magetsi pa mnofu, makamaka pamene mtsempha wayamba kufika ndipo akufuna kuphunzitsa mnofu kugwiranso ntchito, sindingamutsutse. Koma chikhale chowonjezera, m'manja mwa wodziwa, osati cholowa m'malo mwa kupimidwa.

Ngati kamakinako kabwera kale, kapena achimwene anu ali ndi ululu woti akufuna kuyesa, samalani izi. Musamate pakhungu la dzanzi, chifukwa munthu sangamve kuti akupsa. Musamate pabala, kutsogolo kwa khosi, pachifuwa kapena pamutu. Amene ali ndi kachipangizo koyendetsa mtima, odwala khunyu ndi amayi oyembekezera asakagwiritse ntchito asanafunse dokotala. Ndipo ndinene mosapsatira, poti anyamata a njinga nzeru sizimawathera: wina asayerekeze kugwiritsa waya wa pulagi ya njinga, batire ya galimoto kapena magetsi a m'nyumba kuti "adzidzimutse" mtsempha. Nyesi yoteroyo imatentha mitsempha yomweyo, ndipo ikhoza kuimitsa mtima.

Zimene zingathandizedi n'zosachititsa kaso, mwina n'chifukwa chake anthu amazinyalanyaza. Choyamba ndi chochirikiza dzanja, chimene kuchipatala amati splint, chogwira dzanja litadzuka pang'ono koma zala zili zomasuka. A mafizo kapena a za mafupa amatha kuchipanga ndi pulasitala yemweyo wa chikhakha ngati cha pulasitiki palibe. Yesani izi lero: auzeni afinye zala zanu ziwiri dzanja litalendewera, kenako muwagwirire dzanjalo litadzuka, afinyenso. Mudabwa mmene mphamvu ibwerere nthawi yomweyo. Minofu yofumbata ili bwinobwino, imangosowa poima. Atavala chochirikizacho akhoza kudya, kulemba ndi kugwira foni, komanso minofu yofookayo siikokeka mopitirira.

Kenako mfundo zonse ziziyendetsedwa tsiku ndi tsiku. Agwiritse dzanja labwinolo kudzutsa lodwalalo mpaka pamapeto, kuwongola chala chilichonse, ndi kutambasula chala chachikulu kutali ndi chikhatho, kangapo patsiku. Chigongono ndi phewa nazonso, malinga ndi mmene a za mafupa alolera. Mtsempha ukhoza kuchira bwinobwino koma n'kupeza mfundo zitauma, ndipo dzanja louma ndi lovuta kukonza kuposa dzanja lofooka. Pamene pali dzanzi apasamale ku mbaula, madzi otentha ndi ekizozi ya njinga. Fodya amachepetsa magazi opita ku fupa ndi ku mtsempha, mowa wambiri umawononga mitsempha paokha, ndipo ngati ali ndi shuga ayenera kuisamala. Mavitamini a B amathandiza amene akuwasowa m'thupi, koma salumikiza choduka. Za njinga, adikire kaye. Kaya ndi dzanja la mafuta ndi buleki kapena la kilatchi, dzanja losadzuka silingagwire chiwongolero pabampu, ndipo fupa la masabata 10 silinakhwime.

Inu pakhomo mukhoza kutsatira mmene mphukira zikuyendera, ndipo zimene mungalembe zidzamuthandiza dokotala. Njira yake anaifotokoza dokotala wa ku France, Jules Tinel, mu 1915, akusamalira asilikali ovulala pankhondo yoyamba ya dziko lonse. Chikhakha chikachoka, gogodani pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala m'mbali yakunja ya mkono, kuyambira pansi pa chigongono kukwera cha pamene panathyoka. Pamalo ena adzati akumva kunyerenyesa kapena ngati nyesi ikuthamangira kuseri kwa chala chachikulu. Pamenepo m'pamene nsonga za mphukira zafika. Ikani kadontho ka bolopeni, yezani ndi tepi ya atelala kuchokera pa kafupa kotukuka ka kunja kwa chigongono, lembani tsiku ndi masentimita. Bwerezani pakatha mwezi. Kadonthoko kakamatsikira kudzanja, zinthu zikuyenda. Kakangokhala pamalo othyoka mwezi ndi mwezi, pali chotchinga. Kunyerenyesako kukasowa konse musathamangire kudandaula, chifukwa mtsempha wongofinyika supereka chizindikiro chimenechi.

Mnofu woyamba kudzuka suli padzanja. Apinde chigongono chala chachikulu chitaloza kumwamba, ngati wanyamula kapu, inu mukanikize mkonowo pansi iwo akulimbana nanu. Pa mkono wabwino muona mnofu utatukuka kuchokera pachigongono kutsikira kudzanja. Pa wodwalawo ikani zala zanu pamalo omwewo, mumve ngati pakunjenjemera kanthu. Pambuyo pa umenewu m'pamene dzanja limayamba kudzuka, poyamba mopendekera ku chala chachikulu, kenako zala, ndipo chala chachikulu chimakhala cha kumapeto. Poyesa dzanja, agoneke mkono patebulo cham'mbali, mbali ya kachala kakang'ono ili pansi, kuti kulemera kwa dzanja kusabise kuyenda kochepa. Chenjerani ndi zinthu ziwiri zonyenga. Munthu akafumbata mwamphamvu dzanja limaoneka ngati ladzuka pang'ono, komanso nsonga za zala zimawongoka ndithu chifukwa zimenezo zimayendetsedwa ndi mitsempha ina. Chimene tikufuna ndi kudzuka kwa dzanja zala zili zomasuka.

Musadikire miyezi inayi ithe muli pakhomo. Pitani tsopano kumene anawaika chikhakha, mukanene za dzanja, osati za fupa lokha, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa m'buku lawo la kuchipatala pamodzi ndi tsiku la ngozi. Kawirikawiri X-ray ikaonetsa kuti fupa likugwirana, aliyense amasangalala n'kuiwala dzanja. Pemphani kuti awatumize ku mafizo, ndipo funsani tsiku limene adzawapimenso mtsempha. Ikakwana miyezi itatu kapena inayi popanda kunjenjemera kwa mnofu uja komanso kadontho kasakusuntha, ayenera kuonedwa ndi dokotala wa opaleshoni ya mafupa kapena ya manja. Kwa inu a ku Lunzu njira yake ndi ya ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo ku Blantyre komweko kuli Kachere Rehabilitation Centre ya mafizo. A m'chigawo chapakati ali ndi Kamuzu Central Hospital ndi chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION ku Lilongwe. Kumene makina ake alipo, dokotala akhoza kuyeza ndi kasingano kolowetsa mumnofu, kamene kamamva mauthenga oyamba kufika masabata angapo mnofu usanayambe kugwedezeka ndi maso. Amenewonso ndi magetsi, koma oyezera, osati ochiritsa.

Kwa ena amene akuwerenga, zodikirazi si za aliyense. Ngati dzanja lagwa kapena zala zachita dzanzi chifukwa cha bala la chikwanje, mpeni, galasi kapena lata, tiziganiza kuti mtsempha waduka mpaka dokotala atatsimikiza kuti ayi, ndipo kusoka kumayenda bwino m'masiku oyambirira, nsonga zisanathawane. Bala lakunja likhoza kusokedwa bwino n'kupola, mkati mtsempha uli chidukire. Chimodzimodzi fupa likatulukira kunja. Ngati munthu wagwera paphewa n'kufa mkono wonse kuyambira kumtunda, akumva ululu wootcha, mwinanso chikope cha mbali yomweyo chagwa pang'ono, mitsempha ikhoza kukhala itazuka mumsana, ndipo ameneyo aonane ndi katswiri miyezi itatu isanathe. Mwana amene phazi lagwa atabayidwa jakisoni pathako apite naye msanga. Dzanzi la mapazi onse awiri lobwera pang'onopang'ono ndi nkhani ina. Limeneli limachokera ku shuga, mowa, HIV kapena mankhwala ena monga a TB, ndipo chithandizo chake n'kuthana ndi chimene chikuyambitsa. Zigamba zotuwa pakhungu zopanda kumva, limodzi ndi zala zofooka, zikayezedwe khate, limene mankhwala ake alipo ndipo ndi aulere.

Tiyerekeze kuti achimwene anu ali m'gulu laling'ono lija, mtsempha sunabwerere. Dokotala akatsegula akhoza kupeza utangomangidwa ndi zipsera n'kuumasula, kapena utaduka n'kuusoka. Mpata ukakhala waukulu amatenga kamtsempha ka kumwendo, cha kuseri kwa katumba, n'kuikapo ngati mlumikizo, ndipo munthu amangotsala ndi dzanzi pang'ono m'mbali mwa phazi. Pa opaleshoni ngati imeneyi m'pamene ola limodzi la magetsi lija lingakhale ndi malo, ndipo si kulakwa kumufunsa dokotala ngati amachita. Nthawi ya mnofu ikadutsa, kwa mtsempha wa radial kulinso njira ina yodalirika, yosamutsa minofu. Amamasula nsonga ya mnofu wamoyo wa kutsogolo kwa mkono, monga uja wotembenuza chikhatho kuti chiyang'ane pansi, n'kuilumikiza ku nsinga yodzutsa dzanja, ina ku zala, ina ku chala chachikulu. Pambuyo pa masabata angapo m'chikhakha ndi miyezi ya mafizo, munthu amaphunzira kudzutsa dzanja ndi mnofu watsopanowo, ndipo ambiri amabwerera kuntchito zawo. Opaleshoni imeneyi ikhoza kuchitika ngakhale patapita zaka, koma dokotala asanavomere amayamba wagwira dzanjalo n'kuliyendetsa yekha, kuona ngati mfundo zonse zikadali zofewa.